Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma la Mangochi: tisiyireni njira yotsikira kunyanja

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Mangochi ndi makhansala onse, kwa akuluakulu a Unduna wa za Malo, kwa oyang'anira madzi ndi zachilengedwe, ndi kwa mafumu athu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira kwa Mponda mpaka kwa Nankumba.

Mabwana, madona ndi mafumu athu, ndayamba ndi kukupatsani ulemu wanu, ndipo ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mphunzitsi wopuma, mwana wa msodzi, wobadwira ndi kukulira m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wochokera pa boma kupita ku Monkey Bay. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha. Taikamba pabwalo la mfumu, taikamba ku komiti ya kugombe, taikamba ngakhale pa maliro, koma mipanda ikungokwerabe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye chonde mundimve motero.

Chandilembetsa ndi ichi. Mwezi wathawu njira yomaliza yotsikira kunyanja kuchokera m'mudzi mwathu yatsekedwa. Tinkaitcha njira ya pamlambe, chifukwa kumapeto kwake kunali mlambe waukulu umene asodzi ankatsamiritsapo nkhafi. Inali itapanikizika kale pakati pa makoma awiri a njerwa, yongokwana anthu awiri osenza ukonde. Lachiwiri lina m'mawa amayi opita kukachapa anapeza amisiri akukumba maziko. Pofika Loweruka panali khoma ndi geti yachitsulo, mlambe uli m'kati. Mlonda amene amuika pagetipo ndi mwana wa m'mudzi momwemo, ndinamuphunzitsa ndekha sitandade 6. Nditapita kukafunsa anandiyankha atazyolika: "Aphunzitsi, andiuza kuti asadutse munthu. Ndikakulolani, ntchito yandithera." Ine sindimuimba mlandu mwanayo. Ali ndi ana oti adye.

Ndisanafike pa madandaulo, loleni ndikukumbutseni mmene gombe lino linasandukira malo a anthu a ndalama, pakuti ena mwa inu mwabwera m'boma lino mipanda ilipo kale, ndipo mungaganize kuti ndi mmene zinakhalira chiyambire.

Alendo si chinthu chachilendo kwa ife. David Livingstone anafika panyanjayi mu 1859 napeza midzi ndi mabwato. Amishoni a Livingstonia anamanga ku Cape Maclear mu 1875, pafupi ndi anthu a kwa Chembe, ndipo malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kusiya manda awo amene alipobe mpaka lero. Mu 1891 atsamunda anakhazikitsa Fort Johnston, imene inadzakhala Mangochi. Cha m'ma 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi zochokera ku England zinkaima ku Cape Maclear, ndipo mu 1951 sitima ya Ilala inayamba kuyenda italumikizidwa ku Monkey Bay. Onsewa anabwera, ena anapita, ena anakhala, koma mchenga wa kugombe unali wa aliyense.

Makoteji oyamba amene ine ndinawaona ndili mwana anali owerengeka. Ambiri anali a makampani a tiyi ndi fodya, a mabanki, ndi a mabanja ochepa a ku Blantyre ndi ku Limbe. Eni ake ankabwera pa Khirisimasi, pa Isitala ndi kumapeto kwa sabata zina. Nyumbazo zinali zazing'ono, za khonde lalikulu lotchingidwa ndi sefa woletsa udzudzu, ndipo malire ake anali maluwa kapena mpanda wa bango wofika m'chiuno. Bambo anga ankakoka khoka pamaso pa khonde la mzungu, mzunguyo n'kutsika ndi mbale kudzagula chambo. Pakati pa koteji ina ndi inzake panali tchire, migwalangwa, dimba la munthu, ndi njira zambirimbiri. Palibe amene analemba njirazo pa pepala chifukwa palibe amene ankaganiza kuti njira ingasowe.

Lamulo la za malo la 1965 linkalola nduna kupereka lizi pa malo a mafumu, ndipo chimene chinkafunika kumudzi chinali chilolezo cha mfumu basi. Ndi khomo limeneli limene ambiri analowera. Mahotela atakula ku Nkopola ndi madera oyandikana nawo, msewu utakhala wa tala, magetsi atatsata msewuwo, mtengo wa malo a kugombe unayamba kukwera. Itafika nthawi ya matipate mu 1994, ogula anachuluka ndipo anali Amalawi anzathu: amalonda, andale, akuluakulu a m'maofesi, ndi abale athu okhala kunja. Aliyense wopeza bwino anafuna kukhala ndi pake kunyanja. Puloti imodzi yakale inagawidwa patatu. Bango linachoka, kunabwera njerwa, pamwamba pake mabotolo osweka, kenaka waya wamagetsi. Lero mukamayenda kuchokera ku Namiasi kudutsa Nkopola ndi Makawa kulowera ku Nkhudzi, pali mitunda imene mumamva mafunde koma madzi osawaona.

Ndinene chilungamo, chifukwa mukachimva kwa ena mudzati ndinabisa. Malo ambiri tinagulitsa ndi ife eni. Malume anga anagulitsa dimba la agogo la kugombe m'chaka cha njala cha 2002, ndalama zake zinagula chimanga, njinga ndi malata ochepa, ndipo pofika chaka chotsatira zinali zitatha. Mafumu ena anadinda makalata osafunsa anthu awo. Izi ndi zoona ndipo zimatiwawa. Koma malume anagulitsa dimba, sanagulitse njira ya mudzi wonse, ndipo sakanatha kugulitsa nyanja chifukwa sinali yawo. Munthu wanjala sayang'ana zaka makumi awiri kutsogolo. Amene ali ndi mapu a gombe lonse, amene amaona puloti iliyonse isanavomerezedwe, ndinu. Ndi chifukwa chake kalatayi yabwera kwa inu, osati kwa eni makoteji.

Sindikudana nacho chitukukochi. Ana athu ambiri alembedwa ulonda, ukhukhi, ntchito za m'maluwa ndi zoyendetsa maboti. Amayi amagulitsa nsomba, tomato ndi mphasa pa mageti omwewo. Pali eni makoteji ena amene anatikumbira mjigo, ena amanyamula odwala usiku pa galimoto zawo kupita kuchipatala cha pa boma, ndipo alipo mmodzi amene anabweza yekha khoma lake kuti amayi azidutsa. Anthu otere tikuwadziwa ndipo timawathokoza. Koma mudzi sungakhale moyo podalira kuti mwini puloti wadzuka ndi mtima wabwino.

Dandaulo loyamba ndi njira. Kwa munthu wa m'tauni nyanja ndi malo opumulira. Kwa ife ndi chitsime, bafa, pochapira, pomwetsa mbuzi, msika ndi munda. Chitsekereni njira ya pamlambe, amayi akuzungulira mpanda wa mapuloti asanu ndi limodzi kuti akafike pamadzi, kupita ndi beseni la zovala, kubwera ndi ndowa pamutu, mwana kumsana. Apongozi anga, amene maondo anawatha kale, asiya kupita. Munthu amene anabadwa akumva mafunde, tsopano akusamba madzi a m'chigubu ochita kupempha kwa adzukulu. Atsikana amene kale ankatunga madzi n'kuthamangira kusukulu, pano akufika belu litalira kalekale. Ndinaphunzitsa zaka zambiri, ndikudziwa kuti mtsikana akayamba kuchedwa masiku onse, mapeto ake amasiya.

Lachiwiri ndi doko, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri a m'maofesi sadziwa mmene usodzi umayendera. Bwato silikocheza paliponse. Pamafunika mchenga wotsetsereka bwino, popanda miyala ndi bango, pamalo pobisika ku mwera. Malo otere ndi omwewonso amene wogula puloti amawafuna, chifukwa ndi abwino kusambirapo. Ndiye madoko abwino ndi amene anayamba kupita. Alovi, anyamata ogwira ntchito m'maboti, akabwera ku kauni, usodzi wa usiku wa nyali, mbandakucha ndi usipa, nsombayo siidikira. Iyenera kutsika m'boti, kuyezedwa m'zigoba, kufika pa thandala dzuwa lisanakwere. Thandala, poyanikira nsombapo, limafuna malo otambasuka pafupi ndi madzi. Chilimira, ukonde waukulu wogwirira usipa ndi utaka, chimafuna poyanika ndi posokera. Lero midzi itatu ikupanikizana pa kadoko kamodzi, mathandala akhudzana, mabwato akugundana, ndipo mikangano imene kale kunalibe yayamba pakati pa anthu apachibale. Usipa ukachedwa kuyanikidwa umaphwanyika mimba, ogula a ku Limbe ndi ku Lilongwe n'kudula mtengo pakati. Chambo chinachepa kale, tonse tinaona zimene zinachitika ku nyanja ya Malombe, ndiye usipa ndi utaka ndizo zatsala zodyetsa mabanja.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa tulo. M'mwezi wa Julaye chaka chatha mwera unadzuka usiku, anyamata anayi a m'mudzi mwathu ali pamadzi. Injini inazima. Anapalasa ndi nkhafi mpaka anaona magetsi, nakocheza pamene mafunde anawaponya, pamaso pa koteji ina. Anatuluka m'madzi akunjenjemera, wina atang'ambika mwendo. Chimene chinawalandira ndi agalu ndi tochi kumaso, n'kuwakhazika pansi mpaka kucha ngati akuba. Pa nyanja ino pali lamulo lakale loposa makalata onse: munthu wothawa mphepo amakocheza paliponse, ndipo amene ali pamtunda amamuthandiza kukoka bwato. Pa boma pathu pali chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 ndi anthu oposa 100. Ife tikudziwa chimene nyanjayi imachita ikakwiya. Gombe lotchingidwa lidzapha munthu tsiku lina, ndipo sindikufuna kudzalemba kalata yachiwiri titaika maliro.

Boma linatiuza kuti tikhazikitse makomiti a kugombe motsatira lamulo la za usodzi la 1997, kuti tiziteteza nsomba tokha. Tinavomera. Nyengo yotseka nyanja ikafika mu Novembala, ndi makomiti omwewa amene amalanda maukonde oletsedwa kwa abale awo, n'kumadedwa nazo m'mudzi. Nanga komiti ya kugombe yopanda gombe igwira ntchito yanji?

Lachitatu ndi kumanga m'madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kudutsa mamita 476, kuyeza kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, mmene sinakwerere kwa zaka zambiri. Tinaona makoteji ndi malo ogona alendo atalowa madzi mpaka m'mawindo, mipando ikuyandama, makoma akugwa. Ena analoza chala ku Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti atsegule madzi apite. A bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority anakumbutsa anthu kuti sikuloledwa kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477. Akuluakulu a kumudzi sanadabwe. Iwo anaona madzi a 1980 pamene anafika, ndipo agogo awo anawauza za zaka za pakati pa 1915 ndi 1935 pamene nyanja inatsika mpaka Shire analeka kutuluka. Madzi saiwala khwawa. Ndi chifukwa chake midzi yakale inkamanga chakumtunda, n'kusiya mchenga wa kumadzi kuti ukhale wa mabwato ndi maukonde. Malo amene makolo anawasiya dala ndi amene ena anawaona ngati opanda mwini.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti madzi atangoyamba kubwerera, malole a miyala ndi dothi anayamba kufika. Anthu akukwirira gombe, akumanga makoma olowa m'nyanja momwe. Khoma lotere likakankha mafunde, mafundewo amakadya gombe la woyandikana naye, ndipo woyandikana naye wopanda simenti ndi mudzi. Bango ndi udzu wa m'madzi zimene akuzula kuti mchenga uoneke woyera ndi momwe tiana ta chambo timabisala. Ngati mzere wa 477 ndi lamulo, ukhale lamulo kwa wa nyumba yaudzu ndi kwa wa nyumba yosanja.

Lachinayi ndi ukhondo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Tinauzidwa, ndipo n'zoona, kuti midzi ya asodzi ikufunika zimbudzi. Koma madzi atakwera mu 2024, maenje a zonyansa a nyumba zomangidwa pamchenga anamira nawo, pafupi ndi pamene ana athu amasamba ndi kutunga. Alangizi a zaumoyo amayendera zimbudzi zathu khomo ndi khomo. Tikupempha kuti aziloledwa kulowanso m'mageti.

Lachisanu ndi manda. Ndingonena mwachidule chifukwa ndi nkhani yolemera. Pali manda akale amene tsopano ali m'kati mwa mipanda, ndipo mabanja amachita kupempha kwa mlonda kuti akalambule pa mitumbira ya makolo awo. Asilamu ndi Akhristu tonse zikutikhudza. Manda a amishoni a ku Cape Maclear amasamalidwa ndipo alendo amakawaona, ndi bwino ndithu. Agogo athu nawonso ndi anthu.

Chomaliza ndi mdima umene uli pa nkhani yonse ya malo. Timangoona anthu atafika ndi galimoto, atenga zoyezera, akhoma mabikoni, apita. Tikafunsa amati malowa ali ndi lizi. Lizi ya liti, ya zaka zingati, malire ake athera pati, anavomereza ndani, palibe wotionetsa. Pali mapuloti amene anatchingidwa zaka khumi zapitazo koma m'kati mwake muli tchire ndi njoka zokha, mwini wake akudikira kuti mtengo ukwere, pamene kunja kwa khomalo mabanja achinyamata akusowa pomanga. Chiwerengero cha anthu cha 2018 chinapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo tikuchulukirabe. Gombe silikukula.

Malamulo muli nawo kale. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, a anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi ali momwemo, kuti malo asamapite ndi chidindo cha munthu mmodzi. Lamulo la mapulani la 2016 limakupatsani mphamvu yoona chomangidwa chilichonse chisanayambe. Lamulo la za madzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017 alipo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ngakhale pamene Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, midzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inasiyidwa m'malo mwake kuti anthu apitirize kusodza. Ngati paki yotetezedwa ndi dziko lonse lapansi inatha kusiyira asodzi malo, puloti ya munthu mmodzi ingalephere bwanji kusiya njira ya mamita atatu?

Tsono zopempha zathu ndi izi.

1. Bwerani muyende gombe lonse kuchokera pa boma mpaka ku Monkey Bay, wapansi ndi pa boti, pamodzi ndi mafumu, makomiti a kugombe ndi amayi a m'midzi. Njira iliyonse yakale, doko lililonse, malo a mathandala ndi manda zilembedwe pa mapu, ndipo zikhomedwe mabikoni a boma kuti zikhale malo a anthu onse osagulitsika.

2. Njira zimene zatsekedwa, kuyambira zimene zatsekedwa posachedwapa, zitsegulidwe. Pamene khoma lamangidwa kale, khonsolo ikambirane ndi eni mapuloti oyandikana kuti aliyense abwezeko pang'ono. Pasakhale mudzi wa m'mbali mwa nyanja wopanda njira yakeyake yofikira pamadzi, yokwana ngolo ndi anthu osenza ukonde.

3. Muimitse kaye kuvomereza malizi atsopano ndi mapulani a makoma a kugombe mpaka mapu amenewa atatha. Akadzatha, lizi iliyonse yatsopano kapena yowonjezera zaka izikhala ndi mawu oletsa kutseka njira ndi mchenga wa kumadzi.

4. Mzere wa mamita 477 uikidwe zizindikiro zooneka ndi maso m'gombe monse, kuti wogula, wogulitsa ndi mfumu aziudziwa. Kukwirira nyanja ndi miyala ndi kuzula bango kuletsedwe, ndipo amene achita kale ayenderedwe.

5. Mulembe chidziwitso kwa eni makoteji onse ndi makampani a alonda kuti bwato lothawa mphepo lili ndi ufulu wokocheza paliponse, usana kapena usiku, ndipo anthu ake athandizidwe, osati kumangidwa.

6. Mndandanda wa malizi a kugombe, malire ake ndi zaka zake, upachikidwe ku khonsolo ndi ku mabwalo a mafumu aakulu, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Mapuloti amene akhala zaka osamangidwa aunikidwe monga lamulo linenera, ndipo amene abwezedwe, midzi yopanda doko iganiziridwe poyamba.

7. Gawo la ndalama zimene khonsolo imatolera ku malo a kugombe libwerere ku midzi yomweyo ngati mijigo, mipope ndi zimbudzi za pa madoko, ndipo anthu aziuzidwa pa msonkhano kuti zalowa zingati, zagwira ntchito yanji.

Kwa inu mafumu athu, ndagwira mwendo wanu. Ndinu eni mbumba, ndipo ife ndife ana anu. Munthu akabwera ndi pepala lofuna chidindo pa malo a kugombe, imbani kaye belu, anthu asonkhane, amayi alankhule, chifukwa ndi iwo amene adzasenze ndowa kuzungulira khomalo. Kwa inu eni makoteji amene kalatayi ikupezeni pa foni, sitikufuna nyumba zanu, ndipo sitikufuna kusokoneza mpumulo wanu. Ambiri a inu munakulira kumudzi, mukudziwa chimene chitsime chili kwa mudzi. Musadikire kalata ya khonsolo, funsani mlonda wanu kuti amayi ake amatunga kuti madzi.

Bwana DC, nyanja ikatsekedwa mu Novembala asodzi a makoka amakhala pamtunda, ndiye anthu oti akuperekezeni ndi kukulozerani pamene panali njira iliyonse adzapezeka ambiri. Boti tidzapereka ife, mafuta tidzasonkha. Tikupempha kuti ulendowo udzayambire pa geti ya pamlambe, ndipo apongozi anga anena kuti tsikulo tidzawanyamule pa njinga, akufuna adzakuonetseni okha mwala umene ankachapirapo.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma, mwana wa kugombe, Mangochi.